Kalata yotseguka kwa akuluakulu a NASCAR: mpikisano wa Loweruka upatseni dzina lakelake

Kwa banja la a France, eni ake a NASCAR, bungwe loyendetsa mijaho ya magalimoto ku America, ndi akuluakulu ake onse, Daytona Beach, Florida.

Akuluakulu,

Mu Ogasiti 2025 munalengeza kuti kuyambira mu 2026 mpikisano wanu wachiwiri, uja magalimoto ake amathamanga kwambiri Loweruka, uzitchedwa O'Reilly Auto Parts Series. Dzina la Xfinity, lomwe tinali titalizolowera kuyambira mu 2015, lachoka pa galasi lakutsogolo la magalimoto, pa zovala za madalaivala ndi pa chikho. Ndine Mmalawi wokhala ku North Carolina, ndipo mjaho umenewu ndimaukonda kuposa wa mpikisano waukulu wa Lamlungu, chifukwa ndi komwe mnyamata wosadziwika amathamanga ngati alibe mawa. Ndalemba m'chinenero changa kuti abale anga omwe ayamba kutsatira masewerawa nawonso amve chimene chikundivuta.

Kampani yatsopanoyi ndilibe nayo mangawa. Kunena zoona, mwa makampani onse amene dzina lawo lakhalapo pa mpikisanowu, iyi ndiye yoyenerera kwambiri. O'Reilly inayamba mu 1957 ku Springfield m'boma la Missouri, ndipo lero ili ndi masitolo oposa 6,000 ogulitsa zipangizo za galimoto. Munthu amene amalowa m'sitolo zimenezi m'manja muli girisi, akufuna batire kapena mabuleki, ndi yemweyo amakhala pa benchi Loweruka masana akuonerera mjaho. Kampaniyi si yachilendonso kwa inu, yakhala ikuika dzina lake pa mijaho ya ku Texas kwa zaka zambiri. Wogulitsa inshuwalansi kapena intaneti amayenera kufotokoza chimene akudzachita ku bwalo la magalimoto. Wogulitsa masipeya safunika kufotokoza kanthu.

Dandaulo langa lili pa inu. Mpikisanowu ulibe dzina. Uli ndi dzina la amene akulipira basi, ndipo wolipirayo akanyamuka, umatsala wopanda chotchulira kufikira wina atabwera ndi cheke.

Taonani mmene zayendera. Unayamba m'maonekedwe ake a lero mu 1982 ngati Budweiser Late Model Sportsman Series, ndipo mjaho woyamba ku Daytona anapambana ndi Dale Earnhardt. Mu 1984 kampani yomweyo ya mowa, Anheuser-Busch, inasintha n'kuikapo dzina la Busch, lomwe linakhala mpaka 2007. Kenako Nationwide zaka 7, kuchokera 2008 mpaka 2014. Kenako Xfinity zaka 11. Tsopano O'Reilly. Kyle Busch anapambana mijaho 102 mu mpikisano umenewu, kuposa wina aliyense. Woyamba anaupambana mu 2004 uli Busch Series, ukatswiri anautenga mu 2009 uli Nationwide Series, wa nambala 102 anaupambana mu 2021 uli Xfinity Series. Munthu wofuna kufotokozera mwana wake mbiri imeneyi ayambire pati? Olengeza pa wailesi ya kanema amapunthwa nazo sabata ndi sabata, amvekere "mpikisano umene tsopano ukutchedwa wakuti, umene panthawiyo unkatchedwa wakuti". Ndipo pa mabenchi paja, anthu aimvi amangoti Busch mpaka lero, zaka zoposa 15 dzinalo litachotsedwa. Sachita izi chifukwa cha mowa. Dzina limenelo ndi lokhalo lomwe linakhalitsa mokwanira kuti lilowe m'kamwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mabuku a mbiri. Jack Ingram, katswiri woyamba wa 1982 yemwe anabwerezanso mu 1985, kwa zaka 11, kuchokera 2015 mpaka 2025, ankalembedwa ngati katswiri wa Xfinity. Xfinity sinaliko nthawi imene iye ankathamanga pa timabwalo ting'onoting'ono ta ku Carolina ndi Virginia, akukonza yekha galimoto yake. Kuyambira 2026 wasanduka katswiri wa O'Reilly. Bambo ameneyu anamwalira mu 2021, koma thukuta lake likusinthidwa chikwangwani nthawi iliyonse kontirakiti ikatha.

Chodabwitsa n'chakuti vuto limeneli munalithetsa kale mu mpikisano waukulu, ndipo munalithetsa bwino. Winston Cup inakhala kuchokera 1971 mpaka 2003. Nextel inalowa mu 2004, Sprint itameza Nextel dzina linasintha mu 2008, Sprint nayo inachoka kumapeto kwa 2016, Monster Energy inagwira zaka 3 zokha, 2017 mpaka 2019. Mayina anayi m'zaka zosakwana 20. Koma m'mayina onsewo munali liwu limodzi losasuntha, Cup, ndipo anthu anali ndi pogwira. Dalaivala ankati akufuna kukwera kupita ku Cup, makaniko ankati wapeza ntchito ku timu ya Cup, aliyense n'kumva. Pofika 2020 munalimba mtima n'kunena kuti basi, uwu ndi NASCAR Cup Series, makampani anayi, Busch, Coca-Cola, GEICO ndi Xfinity, akhale abwenzi akuluakulu koma dzina asalikhudze. Chikho munachitcha Bill France Cup polemekeza amene anayambitsa bungwe lanu mu 1948. GEICO itachoka kumapeto kwa 2024, palibe sapota amene anafunika kuphunzira dzina latsopano, palibe buku limene linalembedwanso. Umboni wakuti njira imeneyi imagwira ntchito uli m'nyumba mwanu momwemo.

Kwathu ku Malawi timazidziwa zimenezi kudzera mu mpira. Timu ya ku Blantyre ija yakhala Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, FCB Nyasa Big Bullets. Othandiza abwera ndi kupita, koma agogo ndi mdzukulu akati Bullets amadziwa kuti akunena timu imodzi. Mpikisano wanu wa Loweruka ulibe ngakhale kachidutswa kotero.

Za mpikisano wa mathiraki ndingodutsapo: Craftsman mpaka 2008, Camping World, Gander Outdoors mu 2019, Gander RV & Outdoors mu 2020, kubwerera ku Camping World, kubwereranso ku Craftsman mu 2023. Unapulumuka chifukwa anthu amangoti Trucks.

Dzina loti mugwiritse ntchito simuchita kulifunafuna. Grand National linali dzina la mpikisano wanu waukulu kuyambira 1950, ndipo kuchokera m'ma 1980 mpaka 2003 linali pa mpikisano wa Loweruka womwewu, moyandikana ndi Busch. Munalichotsa nokha. Libwezeretseni. Ukhale O'Reilly Auto Parts Grand National Series, ndipo tsiku limene O'Reilly idzatsanzike, pakuti mlendo ndi mame, mudzangosintha mbali yakutsogoloyo. Ngati dzina limenelo simulifuna, pali Sportsman, lomwe ndi muzu weniweni wa mpikisanowu kuyambira 1950. Sankhani limodzi, koma musankhe.

Chikho nachonso chikhale ndi dzina la munthu, ndipo ine ndikupempha kuti likhale la Sam Ard. Ard anali wa ku South Carolina. Anatenga ukatswiri mu 1983 ndi 1984 pa galimoto nambala 00, ndipo mu 1983 anapambana mijaho 10 m'chaka chimodzi. Chakumapeto kwa 1984 anachita ngozi ku Rockingham, anavulala kwambiri m'mutu, ndipo sanathamangenso. Anali atatsogola ndi mapointi ochuluka moti ukatswiri wa chakacho unakhalabe wake. Zaka zake zomaliza anadwala matenda oiwala ndi onjenjemera, banja lake likuvutika ndi ndalama za chipatala, chifukwa madalaivala a NASCAR alibe penshoni. Amaonedwa ngati anthu odzilemba okha ntchito. Mu 2008, Kyle Busch atafanana naye pa mijaho 10 ija ku Texas, analonjeza kupatsa banja la Ard madola 100,000. Anathandiza ndi dalaivala mnzake, mnyamata wa zaka 23. Ard anamwalira mu 2017. Mpikisano umene iye anaumanga ndi thupi lake wagulitsidwa dzina katatu chichitireni ngoziyo, ndalama zambirimbiri zalowa, koma palibe chikho chimene mwana wopambana lero anganyamule n'kufunsa kuti kodi Sam Ard anali ndani. Mukanakonza zimenezi osataya ngakhale dola imodzi.

Ndikudziwa yankho la a zamalonda anu. Adzati kampani imalipira kuti dzina lake lizitchulidwa, ndipo mukapatsa anthu dzina lina lachidule, adzasiya kutchula la kampani, mtengo wake n'kutsika. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma mbiri ikuitsutsa. Palibe kampani imene inapindula ndi dzina la mpikisano kuposa R.J. Reynolds, kampani ya fodya yomwe inkapanga ndudu za Winston, ndipo dzinalo linali Winston Cup, kwa zaka zambiri Winston Cup Grand National. Liwu lokhazikikalo silinaphimbe Winston. Busch Grand National nayo sinaphimbe Busch. Chimene chimatsitsa mtengo n'kusinthasintha. Nextel italowa, manyuzipepala ankanena za madola oposa 700 miliyoni pa zaka 10. Monster Energy italowa zaka 13 pambuyo pake, ankanena za madola pafupifupi 20 miliyoni pa chaka. Zifukwa zake zinali zambiri, oonerera anali atachepa, koma chimodzi mwa izo n'chakuti wogula aliyense ankaona kuti dzina la amene anamutsogolera lafufutika msanga, ndipo lake lidzateronso.

Popeza ndatchula Winston, ndinenepo mosabisa. Sindikulakalaka kuti fodya abwerere. Ndimachokera ku dziko lomwe limadalira fodya, ndikudziwa zimene tsamba limenelo limachita kwa wolima ndi kwa wosuta. R.J. Reynolds sinabwere kwa inu chifukwa cha chikondi. Lamulo la dziko la America linaletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa kanema kuyambira Januwale 1971, kampaniyo inatsala ndi ndalama zambiri zopanda kozipititsa, ndipo Junior Johnson atapita kukapempha thandizo la timu yake, anaona kuti ndalamazo n'zazikulu kuposa timu imodzi, n'kuwalozera kwa a Bill France. Inachokanso chifukwa cha malamulo ndi milandu, makamaka mgwirizano wa 1998 pakati pa makampani a fodya ndi maboma a m'dzikolo umene unafinya kutsatsa. Zonsezo n'zoona. Koma onani zimene anthu a Winston ankachita ndi ndalama zawo. Ankaika ndalama m'thumba logawana kumapeto kwa chaka malinga ndi mapointi, kuti timu izitha kupirira chaka chonse. Ankapereka penti wofiira ndi woyera ku mabwalo, ngakhale ang'onoang'ono a m'matauni akumidzi. Ankathandiza mijaho ya sabata ndi sabata ya anthu wamba. Mu 1985 anaika madola 1 miliyoni kwa aliyense wopambana mijaho 3 mwa 4 ikuluikulu, Bill Elliott n'kuitenga ku Daytona, Talladega ndi Darlington, dziko lonse n'kuyamba kulankhula za NASCAR. Anagwira ntchito ya mwini, osati ya wobwereka khoma lomatapo chikwangwani.

Ichi ndicho muyenera kufuna kwa O'Reilly, ndipo mutiuze poyera kuti mwachifuna. Mpikisano wa Loweruka uli ndi matimu amitundu iwiri. Pali a JR Motorsports, Joe Gibbs Racing ndi Richard Childress Racing, amene ali ndi mainjiniya ndi magalimoto atsopano. Ndiye pali matimu a pabanja, amene mukayenda kumapeto kwa garaja mumawapeza ali anthu ochepa, akukankha okha galimoto kupita koyezera, akuwerenga matayala otsala, boneti ili ndi chomata cha kampani ya m'tauni yakwawo imene yalipira mjaho umodzi wokha. Popanda iwowa simungadzaze mzere woyambira. Nationwide inayambitsa Dash 4 Cash, Xfinity inapitiriza, madola 100,000 kwa dalaivala wa mpikisano womwewu pa mijaho ingapo yosankhidwa. Ndi chinthu chabwino ndipo chisafe, koma nthawi zambiri ndalamazo zimagwera kwa amene ali nazo kale. Gawo lina la ndalama za dzinali lipite kwa omaliza pa nambala 20 kapena 25, amene kwa iwo madola masauzande ochepa ndiwo amasiyanitsa kupita ku mjaho wotsatira ndi kutseka shopu. Mu 2025 munayamba mgwirizano wa makanema wa madola 7.7 biliyoni pa zaka 7, ndipo mpikisano wa Loweruka uli ndi nyumba yakeyake pa wailesi ya kanema ya The CW, imene munthu amaonera osalipira. Simunganene kuti mphika ndi wouma.

Pali nkhani ina imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndi yokhudza mwachindunji mtundu wa kampani imene mwasankha. Mukagulitsa dzina la mpikisano, nthawi zambiri mumagulitsanso ufulu wakuti opikisana ndi kampaniyo asalowe. Nextel italowa mu 2004, makampani ena a mafoni anatsekeredwa kunja, kupatula awiri amene analipo kale, Cingular pa galimoto nambala 31 ndi Alltel pa nambala 12. Cingular itasanduka AT&T mu 2007, munakana kuti chizindikiro chatsopano chiikidwe. Nkhani inapita ku khoti, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho Jeff Burton anatuluka ku Bristol ndi galimoto yopanda dzina la kampani yomwe inkailipirira, boneti ili mbee. Munagwirizana kuti AT&T ikhale mpaka kumapeto kwa 2008, kenako inapita. Timu ya Richard Childress inali yaikulu, inapeza wina. Timu yaing'ono ikanafa.

Tsopano ganizirani kuti makampani a zipangizo za galimoto ndiwo msana wa thandizo m'masewera anu. Chase Elliott anatenga ukatswiri wa mpikisano womwewu mu 2014 ali ndi zaka 18, pa galimoto ya NAPA. NAPA ndi mpikisani wa O'Reilly pa msika. Advance Auto Parts ndi AutoZone nawonso ndi apikisani ake. Ngati mgwirizano watsopanowu ukutseka chitseko kwa amenewa, ndiye kuti ndalama zimene mwalandira ku likulu mwazichotsa m'thumba la matimu, ndipo Chase Elliott wotsatira angathe kusowa womukweza. Tiuzeni momveka zimene timu ikuloledwa kumata pa galimoto yake ndi zimene sikuloledwa. Ngati pali choletsa, ikani pa tebulo ndalama zolowa m'malo mwa zimene timuyo yataya. Eni matimu ang'onoang'ono sangathe kukufunsani izi mokweza, chifukwa ndinu nomwe mumawayeza magalimoto Lachisanu.

Chomaliza chachikulu: musagwiritse ntchito kubwera kwa kampani yatsopano ngati mpata wogwetsera nyumba. Mwachita zimenezi kangapo. Winston itakhazikika, mu 1972 munadula mijaho kuchoka pa 48 kufika pa 31, mabwalo ang'onoang'ono ambiri n'kugwa pa ndandanda. Mu 2004, chaka chomwe Nextel inalowa, munabweretsa Chase, njira yoti otsogola okha azilimbirana ukatswiri pa mijaho yomaliza ya chaka, Matt Kenseth atangotenga Winston Cup yomaliza ndi chipambano chimodzi chokha. Chaka chomwecho mjaho wa tchuthi cha Labor Day unachoka ku Darlington kupita ku California, ndipo Rockingham inaona mjaho wake womaliza wa Cup. Mu 2017, Monster Energy italowa, munadula mijaho m'zigawo. Zina mwa izi zinali ndi zifukwa zake, koma kwa sapota zinafika ngati katundu mmodzi: dzina lachilendo, malamulo achilendo, bwalo lakwawo latsekedwa. Ambiri anakwiyira kampani yatsopanoyo pa zinthu zimene munachita ndinu, ena anangosiya kubwera.

Mwakhala mukubweza zina mwa zimenezi, ndipo ndikuyamika. Mjaho uja wa Southern 500 unabwerera pa Labor Day ku Darlington mu 2015. North Wilkesboro, imene inatsekedwa pambuyo pa 1996 udzu n'kumera m'ming'alu ya phula, inalandiranso mijaho ya NASCAR mu 2023. Amene anaikonza anasiya dala zikwangwani zakale za Winston Cup, zofiira zosuluka, ndipo anthu amaima pamzere kuti ajambulitse pamenepo, ena atavala majekete a m'ma 1990 omwe sakuwakwananso bwino. Si ndudu zimene akuzilira. Akufuna umboni wakuti zimene anaona ali ana ndi masewera omwewa amene akuonera lero. Rockingham nayo inalandiranso mpikisano wa Loweruka mu 2025, ndipo mabenchi anadzaza. Pitirizani njira imeneyo. Hickory inaona mjaho wake womaliza wa mpikisanowu mu 1998, South Boston mu 2000, ndipo mabwalo onse awiriwa akadali amoyo, akuthamangitsa magalimoto Loweruka usiku. Kampani yokhala ndi sitolo pafupifupi m'tauni iliyonse ya kumeneko ndiyo ingamvetse phindu lobwererako kuposa ina iliyonse, ngati mutaipempha.

Mpikisano uwu unatipatsa Dale Earnhardt Jr. mu 1998 ndi 1999, Martin Truex Jr. mu 2004 ndi 2005, Daniel Suárez wa ku Monterrey mu 2016, woyamba wobadwira kunja kwa America kutenga ukatswiri wa mpikisano wadziko lonse wa NASCAR. Unatipatsa Justin Allgaier, amene anadikira zaka zambirimbiri mpaka anatenga chikho mu 2024, ndi Jesse Love, womaliza kunyamula chikho cholembedwa Xfinity mu 2025. Anthu onsewa anapambana chinthu chimodzi, ndipo akuyenera kutha kuchitchula ndi dzina limodzi.

Simukufunika kudikira kuti kontirakiti ithe. Khalani pansi ndi a O'Reilly chaka chomwe chino, muwaonetse zimene zinachitika ndi Winston Cup ndi Busch Grand National, ndipo mugwirizane kuti mjaho woyamba wa chaka chamawa ku Daytona udzayambe pansi pa dzina lokhala ndi mbali yosagulitsidwa. Chikho cha Sam Ard mukhoza kuchilengeza ngakhale sabata yamawa, ndipo banja lake muliitane lidzachipereke kwa katswiri woyamba.

Ine wanu,
Sapota wa mjaho wa Loweruka,
North Carolina